Kodi magolovesi amalowa m'malo mwa kusamba m'manja?

FUNSO: Ndinali kudikirira mwana wanga amene anabereka mwa opareshoni, ndipo ndinaona wogwira ntchito wina akutsuka bala la mayi wina, kenako n'kubwera pa bedi lathu osavula magolovesi. Ndinaopa kulankhula. Kodi munthu akavala magolovesi ndiye kuti zonse zili bwino? — Mayi wa ku Mkanda, Mchinji

YANKHO: Amayi, zimene munaonazo sizoyenera, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Magolovesi amateteza amene wawavala, koma kunja kwake kumatola tizilombo monga momwe limachitira dzanja, kotero kuti akapanda kuvulidwa amasamutsa matenda kuchoka pa bala lina kupita pa lina. Amayenera kutayidwa akangothana ndi wodwala mmodzi, ndipo wowavulayo asambebe m'manja, chifukwa amatha kukhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso.

Nkhaniyi ndi yakale. Mu 1847, Ignaz Semmelweis, dokotala wa mumzinda wa Vienna ku Austria, anazindikira kuti amayi ambiri ankamwalira atabereka chifukwa madokotala ankachokera kopima mitembo n'kukawagwira. Atalamula kuti aliyense azisamba m'madzi a klorini, imfa zinatsika kwambiri. Kuyambira 2009, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limaphunzitsa kuti wachipatala asambe asanagwire wodwala, asanatsuke bala kapena kubaya jakisoni, akakhudza magazi kapena mkodzo, akamaliza kugwira wodwala, ngakhalenso akangokhudza bedi lake.

Tikudziwa kuti anamwino athu ndi ochepa, ndipo nthawi zina mpopi umauma. Komabe kufunsa si chipongwe. Mukhoza kunena motsitsa mawu kuti, "Pepani anesi, ndimapempha kuti musinthe kaye magolovesi, balali likadali laliwisi." Zikakanika, kaonaneni ndi mkulu wa wodiyo.

Koma manja amene amakhala pa wodwala usana ndi usiku ndi anu agadiyani. Ndinu amene mumakataya mkodzo, kuchapa matewera, kuphika phala kukhitchini ya odikirira odwala, n'kubwera kudzanyamula khanda limene mchombo wake sunapole. Sambani ndi sopo kwa masekondi 40 mpaka 60, mukupikitsa pakati pa zala, kuseri kwa dzanja, chala chachikulu ndi m'zikhadabo, ndipo wina azikuthirirani madzi ndi kapu. Beseni limodzi losambamo anthu onse lija, ngakhale tinakulira momwemo, m'chipatala mulisiye. Mukatha musapukute ndi chitenje chimene mwavala tsiku lonse. Ingogwedezani manja kuti aume okha. Sanitaiza amathandiza pakasowa madzi, ndipo amafuna masekondi 20 mpaka 30, koma manja akaoneka akuda pamafunika sopo basi.

Abale odzazonda nawonso asambe asanalandire mwana, ngakhale akhale apongozi. Ndipo mukaona bala la opareshoni la mwana wanu woberekayo likufiira, kutupa, kutuluka mafinya kapena fungo, kapena thupi lake likutentha, bwererani naye kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakulemberani m'buku.