Musalumikize batire ya lithium ku alternator mwachindunji

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati muli ndi boti la injini ya dizilo ku Nkhata Bay, alternator yake (chipangizo chimene chimapanga magetsi otchajira batire injini ikamalira) ndi ya 80A, kutanthauza ma amp 80, ndipo mwagula batire ya lithium ya 200Ah (Ah ndi muyezo wa magetsi amene batire imasunga) kuti iziyendetsa firiji, nyali ndi pampu. Amene anakugulitsaniyo akuti mungochotsa batire yakale n'kuika iyi pamawaya omwewo. Ine ndikuti musatero. Batireyo mwagula bwino, koma ikufunika kanthu kena pakati pa iyo ndi alternator.

Batire yakale ija ya asidi imadzichepetsera yokha chakudya. Ikayamba kukhuta imakana magetsi pang'onopang'ono, ndiye alternator imagwira ntchito yolemetsa kwa kanthawi kenako n'kupuma. Ya lithium, makamaka mtundu wa LiFePO4 womwe ambiri akuika m'maboti, ilibe khalidwe limeneli. Imameza chilichonse chimene alternator yatulutsa mpaka itatsala pang'ono kudzadza. Yanuyo ikatsika kufika pa 20 peresenti imakhala ikufuna 160Ah, kutanthauza maola awiri kapena kuposa alternator ikukoka ndi mphamvu zake zonse. Komatu 80A yolembedwa pathupi pakeyo ndi ya pamene ili yozizira komanso ikuzungulira mwaliwiro. Sanaipangire kuti izikhala pamenepo maola. Choopsa kwambiri ndi pamene injini ikungolira pang'onopang'ono, mwina mukudikira alendo padoko: fani ya alternator imazungulira mwaulesi, mphepo yoziziritsa ndi yochepa, koma batire ikukokabe.

Ine zinandionekera ndili pamadzi, m'mwezi wa Okutobala, tikuchoka ku Monkey Bay kupita ku Cape Maclear. Choyamba linali fungo, ngati la vanishi wopserera. Nditatsegula chivundikiro cha injini ndinaona fumbi lakuda la lamba litamwazika kutsogolo konse, ndipo alternator sinkakhudzika ndi dzanja. Titaimasula mawa lake, mawaya a kopa a m'kati anali atada bii. Batire inali bwinobwino. Tinataya alternator ndi masabata angapo a ntchito tikudikira ina.

Vuto lachiwiri ndi lobisika kuposa limeneli. M'kati mwa batire ya lithium muli kabokosi kotchedwa BMS, mlonda wa maselo anayi amene ali mmenemo. Selo imodzi ikapitirira pafupifupi 3.65V, kapena batire ikatentha kwambiri, mlondayu amadula magetsi nthawi yomweyo, osachenjeza. Zikachitika alternator ili pakati potulutsa ma amp ochuluka, mphamvuyo imasowa kolowera, ma volt amalumpha m'kamphindi, ndipo ma diode, tizipangizo ta m'kati mwa alternator, amapsa. Nthawi zina zimapita pamodzi ndi wailesi, GPS ndi china chilichonse chimene chili pamzerewo. N'chimodzimodzi kuzula waya wa batire injini ikulira, chinthu chimene makaniko aliyense amaletsa.

Ndiye chitani chonchi. Batire ya asidi isachoke m'botimo, ikhale yolizira injini basi, ndipo alternator ipitirize kutchaja iyoyo monga kale. Kuchokera pa batire imeneyi ikani tchaja ya DC-DC yopita ku lithium. Tchajayi imatenga muyezo umene yaikidwiratu, osapitirira, ngakhale lithium ikhale ndi njala yotani. Ndipo BMS ikadula, alternator siimva kanthu chifukwa batire ya asidi ija ilipobe yolandira magetsi. Mavuto onse awiri atha ndi chipangizo chimodzi.

Pa alternator ya 80A ine ndingaike ya 30A. Kumbukirani kuti tchaja yopereka 30A imakoka yoposerapo pang'ono kumbali yolowera, ndiye palinso zina zimene injini imadya yokha. Kusapitirira theka la nambala yolembedwa pa alternator ndiko kotetezeka. Zodziwika ndi za Victron, Orion-Tr Smart ya 30A, komanso Orion XS ya 50A yomwe mutha kuitsitsa pafoni kufika pamuyezo umene mukufuna. Renogy ndi Sterling nawonso amapanga. Orion-Tr Smart imatentha ndithu, ndipo ikatentha imachepetsa yokha zimene ikupereka, choncho musaikhomere m'chipinda cha injini. Ipezereni khoma louma, podutsa mphepo, pafupi ndi batire. Muitchere kuti izitchaja mpaka 14.2V kenako itsike pa 13.5V, pokhapokha ngati pepala la batire yanu lanena zina. Onetsetsaninso kuti imazima injini ikazima, apo ayi idzakutherani batire yolizira usiku, m'mawa injini osadzuka.

Ndisakubiseni, njira imeneyi ndi yochedwa. Kubwezera 160Ah pa 30A ndi maola oposa asanu injini ikuyenda. Koma kunyanja kuno dzuwa silisowa. Mapanelo a sola padenga la boti ndi kontilola ya MPPT, yoyang'anira mmene sola ikutchajira batire, ndi amene azigwira ntchito yaikulu, injini izingothandizira. Kwa boti lonyamula alendo masana, ine ndimaona kuti zimenezi n'zokwanira.

Ilipo njira ina, ya amene amafunadi kutchaja mwachangu. Amachotsa regulator ya m'kati mwa alternator, kachipangizo kolamulira magetsi amene alternator imatulutsa, n'kuika yakunja, monga Wakespeed WS500 kapena Balmar MC-618, yokhala ndi kasensa komangirira pathupi la alternator. Kutentha kukamayandikira madigiri 100, regulator imabweza moto yokha. Pamafunikanso kuti BMS izitha kuuza regulator kuti ileke isanadule, ndipo mabatire ambiri otsekedwa m'bokosi limodzi, ngati amene ndikuganiza kuti mwagulawo, alibe waya wotero. Onjezanipo kachipangizo koteteza alternator ma volt akalumpha, ndi nkhani ya lamba, poti lamba mmodzi wa V amayamba kuterereka ndi kudyeka mukamayandikira 100A. Njirayi ndi yabwino kwa boti lalikulu logona pamadzi masiku ambiri. Kwa inu ndi ndalama zambiri, ndipo chikawonongeka mudzadikira katundu wochokera ku South Africa.

Pali zinthu zina zimene sindikufuna muzidumphe. Pafupi penipeni ndi mutu wofiira wa lithium paikidwe fyuzi yamphamvu, ya mtundu wa Class T ngati mungaipeze, chifukwa batire imeneyi ikachita shoti imatulutsa ma amp masauzande ndipo fyuzi wamba ikhoza kulephera kudula. Waya wopita ku tchaja akhale ndi fyuzi kumbali zonse ziwiri, pakuti mbali zonsezo kuli batire. Ngati m'botimo muli switchi ija yosankhira batire ya 1, 2, BOTH (BOTH imalumikiza mabatire onse awiri), kapena relay yolumikiza mabatire injini ikalira, ichotsedwe kapena isinthidwe, chifukwa tsiku lina mnyamata wanu adzaipotokolera pa BOTH ndipo zonse tafotokozazi zidzakhala zalambalalidwa. Pampu yotaya madzi ndi wailesi ndimakonda zikhale ndi njira yodyera ku batire ya asidi. Mwera ukakupezani pakati pa nyanja, BMS n'kudula, simungafune kukhala opanda pampu.

Kwa anzathu m'gulu muno amene muli ndi injini za kunja kwa boti, ndiponso asodzi amene mwayamba kuyatsa nyali za usipa ndi lithium: injini zing'onozing'ono zambiri zili ndi koyilo yopereka ma amp ochepa chabe, ndipo zina zilibe regulator n'komwe, zimadalira batire ya asidi kuti igwire ma volt. Musalumikize lithium pamenepo. Itchajeni ndi sola kumtunda.

Mukamaliza kulumikiza, achimwene, bwerekani clamp meter (mita yoyezera ma amp mongopana waya) ndi kachipangizo koyezera kutentha kongolozetsa patali. Tsitsani lithium kufika pa theka, lizani injini pang'onopang'ono kwa mphindi 30, muyeze ma amp pa waya wotuluka ku alternator ndi kutentha kwa thupi lake chakumbuyo. Kenako yezaninso boti likuyenda. Manambalawo mudzawaike muno pamodzi ndi chithunzi cha kachitsulo kolembedwa pa alternator ndi dzina la batireyo, tidzaone ngati mungakweze tchajayo kufika pa 40A, ikakhala yotheka kusintha muyezo monga Orion XS ija.