Alamu atenga mapepala a inshuwalansi ya malemu amuna anga: ndalamazo ndi zayani?

Mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata, walemba motere: "Amuna anga anali mphunzitsi. Anamwalira miyezi inayi yapitayo kumudzi kwawo ku Chadiza atadwala masiku ochepa, ndipo tinaika konko. Pa payslip yawo ankadulidwa ndalama ya inshuwalansi ya moyo mwezi ndi mwezi, ndipo anandiuzapo kuti analembetsa ine ndi ana athu atatu. Titameta maliro, abale anasankha akulu awo a malemu kukhala administrator, woyang'anira chuma cha masiye, nakatenga kalata ku local court. Alamuwo anatenga mapepala onse, akuti ndalama zikatuluka zipite kwa iwo kuti agawe okha. Nditapita ku ofesi ya kampani anandiuza kuti palibe death certificate, ndidikire. Kodi ndiyambire pati?"

Pepani kwambiri Mayi ndi zovuta zimene zakugwerani. Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Ngati amuna anu analembetsadi inu ndi ana kuti ndinu odzalandira, kampani iyenera kulipira inuyo, osati alamu anu. Inshuwalansi ya moyo ndi pangano la anthu awiri, malemu ndi kampani. Malemu analonjeza kumapereka ndalama mwezi uliwonse, kampani nayo inalonjeza kuti akadzamwalira idzapereka ndalama zakutizakuti kwa anthu amene iwo anawatchula. Msonkhano wa abale pansi pa mtengo wa mango sungafute mayina amenewo, ndipo kalata ya u-administrator payokha siiwafutanso. Wina akaona kuti mayinawo analembedwa mwachinyengo, kapena ali ndi chifukwa china chotsutsira, njira yake ndi ya kukhoti. Kulanda mapepala si njira.

Koma mwamva kuti ndati "ngati". Kampani siiyendera zimene bambo anauza mkazi wake m'nyumba, imayendera fomu imene anasaina. Ndaonapo kambirimbiri mwamuna amene analowa inshuwalansi akadali mbeta, atangoyamba ntchito, nalembapo amayi ake kapena mlongo wake. Kenako anakwatira, ana anabadwa, zaka zinadutsa, fomu ili chikhalire mmene inalili. Choncho musanakangane ndi munthu, dziwani kaye amene analembedwa.

Mapepala amene alamu atengawo asakudetseni nkhawa kwambiri. Pangano silifa chifukwa choti pepala lasowa, kampani ili ndi mbiri yonse pa kompyuta ndipo imatha kupeza policy, pangano lomwelo, pogwiritsa ntchito nambala ya NRC ya malemu. Payslip yakale mungaipemphe kudzera kwa a hedi a pasukulu pomwe ankaphunzitsa kapena ku ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma limenelo. Akaumirira kuti akufuna pepala lenileni la policy, mumalumbira affidavit, chikalata cholumbirira, kwa Commissioner for Oaths, wolumbiritsa anthu, kufotokoza kuti silili m'manja mwanu ndi chifukwa chake.

Tsopano apa ndi pamene amayi ambiri amasiye amapunthwa. Mwapita ku ofesi, mwalankhula pakamwa, akuuzani pakamwa kuti mudikire, mwabwerera kunyumba. Mawa munthu amene munalankhula naye uja akasamutsidwa, palibe angavomere kuti munabwerapo. Lembani kalata, ngakhale ya pamanja. Munenemo dzina la malemu monga lilili pa NRC, nambala ya NRC, tsiku limene anamwalira, kuti ndinu mkazi wawo, ndiponso kuti mukudziwitsa kampani za imfayi ndi kupempha fomu yofunsira ndalama. Muwonjezere mzere umodzi wofunika: kuti pabanja pali kusamvana pa ndalamazi, ndipo mukupempha kuti asalipire munthu wina aliyense musanadziwitsidwe. Pitani ndi makalata awiri ofanana. Imodzi musiye, inayo akudindireni chidindo chokhala ndi deti, mubwere nayo. Pomwepo apempheni akulembereni mapepala onse amene akufuna, kuti asamakuuzeni limodzilimodzi inu n'kumathera ndalama pa minibasi. Ma policy ambiri amaika nthawi yoti imfa inenedwe, ndiye miyezi inayi yapitayi ikwane, musawonjezerepo ina.

Za death certificate a kampani sanalakwe kuifunsa. Sangatulutse ndalama popanda umboni wa boma woti munthuyo anamwaliradi. Kwa munthu womwalirira kuchipatala, monga ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete, nkhani imaphweka, chifukwa dokotala amalemba chikalata chonena chimene chapha munthu, ndipo khonsolo imapereka chilolezo choikira maliro. Womwalirira kunyumba amene thupi lake lapita ku mochale amadzera kupolisi, komwe amalemba pepala limene timangoliti BID, lonena kuti munthuyo afika naye atamwalira kale. Amuna anu sanadzere njira ziwirizi. Inu mupite kwa amfumu a mudzi umene munaika maliro akulembereni kalata yodinda, yonena dzina la malemu, tsiku ndi malo a imfa. Ngati n'kotheka a mfumu yaikulu ya deralo aikepo chidindo chawo. Kalatayo, pamodzi ndi NRC ya malemu ndi yanu, mupite nazo ku ofesi ya National Registration ya boma limene imfa inachitikira kuti imfayo ilembedwe m'kaundula. Ngati malemu anapitako ku kiliniki masiku odwalawo, funafunani kabuku kapena khadi lawo la kuchipatala. Kampani ingafune kudziwa matenda amene anawatenga, ndipo kalata ya amfumu siinganene zimenezo.

Chenjerani ndi kalembedwe ka mayina. Kuno kwathu l ndi r timasinthanitsa osaganizako, wina Jere pa NRC, Jele pa fomu ya inshuwalansi, pa kalata ya amfumu alembanso dzina la paubwana limene amamudziwa nalo kumudzi. Kachilembo kamodzi kameneko kamagoneka fayilo miyezi. Musanachoke pakhomo pa amfumu, yalani NRC pambali pa kalatayo muone chilembo ndi chilembo. Zikasiyana kale pa mapepala akale, affidavit yonena kuti ndi munthu mmodzi yemweyo imakonza.

Adzafunanso umboni woti ndinu mkazi wa malemu. Ngati munalowa m'banja mwamwambo, musadziderere, lamulo la Zambia limauzindikira ukwati wotere. Setifiketi ya ku local court, kalata ya kumpingo, kapena kulumbira kwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri kumathandiza. Kwa ana, tengani ma birth certificate, ndipo ngati palibe, makhadi a kusikelo ndi kalata za kusukulu. Akaunti ya ku banki ikhale ya dzina lanu. Gawo la mwana wosakwana zaka 18 limasungidwa ndi kholo kapena womulera m'malo mwake, ndipo makampani ena amalisunga okha mpaka mwanayo atakula. Funsani kuti policy imeneyi ikuti chiyani.

Kampani ingakane kulipira, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Ma policy ena, makamaka a maliro, amakhala ndi miyezi yodikira kumayambiriro, moti munthu akamwalira ndi matenda nthawiyo isanathe salipira. Ambiri salipira ngati munthu wadzipha m'zaka zoyambirira. Chifukwa china ndi choti malemu anabisa matenda podzaza fomu, monga shuga kapena BP, atafunsidwa. Lamulo la inshuwalansi limafunadi kuti munthu anene zoona zonse pa zimene zingakhudze pangano, koma amene wanena kuti panali chobisa ndiye ayenera kuonetsa umboni. Musangovomera mawu a pa kauntala. Apempheni akuonetseni fomu imene malemu anasaina, funso limene anafunsidwa ndi yankho limene anapereka.

Chifukwa chimene ndimakumana nacho kwambiri kwa antchito a boma ndi choti policy inafa kalekale chifukwa ndalama za pamwezi sizinkafika. Apa ndi pamene payslip imasanduka mboni yanu yaikulu. Sonkhanitsani za miyezi khumi ndi iwiri yomaliza, ngati zingapezeke, muone ngati mzere wa inshuwalansi ukuoneka mwezi uliwonse. Nthawi zina munthu akachulutsa ngongole za pa malipiro, zodula zina zimagwa zokha mwiniwake osadziwa. Zikatero nkhani imalimba, ngakhale ma policy ambiri amapereka masiku ena achisomo, ndipo ena amene akhala zaka zambiri amakhala ndi kandalama kosungika koti abweze. Koma ngati payslip ikuonetsa kuti anadulidwa mpaka mwezi womwalira, kampani n'kumati sinalandire, musabwerere manja ali m'khosi. Pemphani sitetimenti ya ndalama zonse zimene inalandira, muiyerekeze ndi ma payslip. Munthu amene anadulidwa malipiro ake mwezi ndi mwezi ali ndi poyambira pabwino.

Kukana kulikonse kukhale kolemba, ndi chifukwa chake. Akakupatsani ndalama zochepa n'kukuuzani kuti musaine pepala loti nkhani yatha, musasaine tsiku lomwelo. Tengani pepalalo, wina wodziwa akuwerengereni. Mukaona kuti akungokuzunguzani, kadandauleni ku Pensions and Insurance Authority, bungwe la boma limene limayang'anira makampani onse a inshuwalansi motsatira Insurance Act ya 2021. Likulu lake lili ku Lusaka, koma dandaulo mungalitumize polemba, mutaphatikiza kalata yodindidwa ija ndi yankho la kampani. Ndi chifukwa chake ndalimbikira za chidindo. Zikakanika pamenepo, khoti lilipo, ndipo mlandu wa pangano lotere uyenera kuyambika pasanathe zaka 6.

Nanga zikapezeka kuti malemu sanalembe munthu aliyense, kapena amene analembedwayo anatsogola kale? Pamenepo ndalamazo zimalowa m'chuma cha masiye, ndipo administrator amakhala ndi ntchito. Komabe sagawa mmene mtima wake wafunira. Ngati palibe wilu, Intestate Succession Act ya 1989 inagawa kale: magawo 20 pa 100 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene ankadalira malemu. Tinene kuti atachotsa ngongole ndi zolipira pa maliro patsala K100,000. Inu ndi K20,000, ana K50,000, apongozi anu K20,000, odalira K10,000. M'bale wa malemu amene ali ndi pakhomo pake ndipo sankadalira malemu alibe gawo pamenepo, ngakhale akhale administrator. Ndinenenso chimene mwina simungakonde kumva: lamuloli likati ana likutanthauza ana onse a malemu, a m'banja ndi a kunja komwe. Ngati alipo, nawonso adzadya pa magawo 50 aja.

Administrator ndi wongosunga ndi kugawa, ndipo khoti lingamuitane kuti afotokoze mmene wayendetsera ngwee iliyonse. Mphamvu za local court pa chuma cha masiye ndi za chuma chochepa kwambiri, n'chifukwa chake mabanki ndi makampani ambiri, ndalama zikakhala zambiri, amafuna kalata ya ku High Court. Inu monga mkazi wa malemu mungapemphe khoti kuti likuikeni pamodzi ndi alamu anu, kapena kuti liwachotse ngati akuwononga. Kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo a Victim Support Unit kupolisi amalandira madandaulo otere. Ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Board.

Ngakhale ndatchula zonsezi, sindikukulangizani kuti muyambire kupolisi. Ana anu adzafunabe kwawo kwa atate awo, ndipo manda a amuna anu ali kumudzi komweko. Nthawi zambiri mlamu wotere si wakuba, amangokhulupirira kuti kalata ya khoti yamusandutsa mwini wa zonse. Tumani ankhoswe akapemphe mapepala mwaulemu, kapena mupite nawo limodzi alamuwo ku ofesi ya kampani akamve ndi makutu awo amene analembedwa pa fomu. Ambiri amazizira pomwepo. Akakanitsitsa, ndiye mukwere pamwamba.

Pomwe mukuyenda ndi death certificate imeneyi, jambulitsani makope ambiri ndi kuwadinditsa, chifukwa khomo silimodzi. Mphunzitsi amakhala ndi penshoni, ku NAPSA ngati analembedwa ntchito kuyambira chaka cha 2000, kapena ku Public Service Pensions Fund ngati ndi wakale, ndipo uko kuli za amasiye zosiyana ndi za inshuwalansi iyi. Funsaninso ku yuniyoni ya aphunzitsi imene ankadulidwako ngati ili ndi thandizo la maliro. Ndipo ngati payslip ikuonetsa ngongole ya ku banki kapena ku kampani yobwereketsa ndalama, musathamangire kugulitsa ng'ombe kapena njinga kuti mubweze. Ngongole zambiri za pa malipiro zimakhala ndi inshuwalansi yakeyake imene imalipira zotsala wokongola akamwalira. Alembereni nawonso kalata, muphatikize kope la death certificate, muwafunse ngati ngongoleyo inali ndi inshuwalansi imeneyi, yotchedwa credit life, ndipo yankho lawo akupatseni papepala.