Funsani za C, chiyankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta: chithunzi chopendekeka, mawu odukira panjira ndi nyali yokana kuyaka

Akonzi, ndalemba pulogalamu ya C yowerenga chithunzi cha BMP n'kuchisunganso. Cha mapikiselo 100 m'lifupi chikutuluka bwinobwino, koma cha 101 chikupendekeka ngati chitenje chokokedwa mbali imodzi. Ndalakwitsa pati? — Wowerenga wa ku Mbare

Achimwene, vuto lili kumapeto kwa mzere uliwonse. Mu BMP ya mabiti 24, pikiselo iliyonse (kadontho kamodzi ka chithunzi) imatenga mabayiti 3, ndipo utali wa mzere uyenera kugawika ndi 4. Mapikiselo 100 ndi mabayiti 300, amene amagawika bwino, n'chifukwa chake simunaone kanthu. Mapikiselo 101 ndi mabayiti 303, choncho fayilo imawonjezera bayiti imodzi yongodzazira kuti akwane 304. Inu simukuidumpha bayitiyo, ndiye mzere uliwonse ukusuntha pang'ono kuposa wapitawo mpaka chithunzi chonse kupendekeka.

Werengerani utali wa mzere m'mabayiti motere: chulukitsani m'lifupi ndi 3, wonjezerani 3, gawani ndi 4 n'kutaya zotsala, kenako chulukitsani ndi 4.

Pali misampha ina imene mukumana nayo posachedwa. Mitundu imasungidwa motsatana buluu, girini, kenako wofiira, ndipo mukaisokoneza nkhope za anthu zioneka zabuluu. Mizere nthawi zambiri imayambira pansi pa chithunzi kukwera m'mwamba. Ndipo musangoganiza kuti mapikiselo amayamba pa bayiti 54. Malo enieni alembedwa pa bayiti 10 ya mutu wa fayilo. Mutu woyambawo ndi wa mabayiti 14, koma mukauika mu struct (gulu la manambala la mu C), compiler, pulogalamu yomasulira C, imakonda kuufikitsa pa 16, manambala onse n'kusokonekera. Ife timalangiza kuwerenga mabayitiwo ndi fread n'kumanga manambalawo nokha.

Ndinajambula kwaya ya kutchalitchi kwathu mu fayilo ya mawu ya WAV. Pulogalamu yanga yokopera fayilo imagwira pa Linux, koma pa Windows imadukira panjira. Ndikakwezanso mawu kawiri, amang'ambika. — Wowerenga wa ku Highfield

Achemwali, tsegulani fayiloyo ndi "rb" powerenga ndi "wb" polemba. Mukalemba "r" yekha, Windows imaitenga ngati fayilo ya zolemba: ikakumana ndi bayiti imene mkati mwake muli nambala 26 imati fayilo yatha, ndipo imasinthanso mabayiti osonyeza kutha kwa mzere. Linux siisiyanitsa ziwirizi. Onaninso kuti zotuluka mu fgetc mukuzisunga mu int. Mukaziika mu char, bayiti imene mkati mwake muli 255 ikhoza kuoneka ngati EOF, chizindikiro choti fayilo yatha.

Za kung'ambikazo: m'mawu a mabiti 16, nambala iliyonse imakhala pakati pa -32768 ndi 32767. Mukachulukitsa 20000 ndi 2, 40000 sakwanamo, imatembenuka kukhala nambala ya minus, ndipo khutu limamva kuthetheka. Chulukitsirani mu int, yopitirira malire muiimitse pa 32767 kapena -32768. Musakhudze mutu wa fayilo. Fufuzani pamene palembedwa "data", chifukwa si WAV iliyonse imene mutu wake ndi mabayiti 44.

Buku lakale likuti outportb pa 0x378 imayatsa nyali ya LED. Pa laputopu yanga sizikutheka. — Wowerenga wa ku Mufakose

Bukulo ndi la nthawi ya DOS ndi Turbo C, ndipo 0x378 ndi adiresi ya parallel port, polumikizira printer pa makompyuta akale. Kuyambira Windows NT, pulogalamu wamba siiloledwa kulankhula ndi port mwachindunji, ndipo laputopu yanu ilibe n'komwe parallel port. Chingwe cha USB cha printer sichikhala pa 0x378. Pezani Arduino, kabolodi kakang'ono kamagetsi kolandira pulogalamu, lumikizani LED kudzera pa resistor ya ma ohm 330, ndipo pa Linux tsegulani /dev/ttyACM0 kapena /dev/ttyUSB0 ngati fayilo. Ikani liwiro la 9600 mbali zonse ziwiri; kumbali ya Linux gwiritsani termios. Ikakana kutseguka pa Ubuntu, lowetsani dzina lanu la pakompyuta m'gulu la dialout.

Magetsi akathima, fayilo yanga ya maakaunti a shopu imapezeka yopanda kanthu. — Wowerenga wa ku Epworth

Bambo, izi n'zowawa, ndipo kuno zimachitika kawirikawiri. Mukatsegula fayilo ndi "w", zakale zimafufutika pomwe mwatsegula, pamene zatsopano zikadali mu memory. Lembani mu fayilo ina yongoyembekezera, itanani fflush, kenako fsync kuti zolembazo zifike pa disiki, tsekani, ndipo pomaliza gwiritsani rename kuiika pa dzina lenileni. Pa Linux kusinthako kumachitika kamodzin'kamodzi, moti magetsi akathima mupeza fayilo yakale kapena yatsopano, yathunthu.