Funsani Malume: Ukwati wathu ndi weniweni, koma tikawaonetsa chiyani a Home Affairs?

Malume,

Ndine bambo wa zaka 38, kwathu ndi ku Dedza, koma ndimakhala ku Tembisa kuno ku Joni, komwe ndimawotcherera zitsulo. Mkazi wanga ndi Mzulu wa ku Newcastle. Tinayamba kukhalira limodzi mu 2017, malowolo ndinapereka mu Disembala 2018, koma ku Home Affairs tinapita mu 2022. Tili ndi mwana mmodzi wamkazi. Ndili ndi viza ya section 11(6) yondilola kugwira ntchito, ndipo tsopano ndikufuna chilolezo chokhazikika kuno, chija timati PR. Vuto ndi lakuti timakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya agogo ena, lendi timalipira pamanja, pepala palibe. Komanso mkazi wanga anapeza ntchito kwawo ku Newcastle, ndiye amabwera kawiri pamwezi. Mkulu wina m'tauni akuti ndimupatse R6,000 andipangire lease ndi mapepala a banki a mayina athu awiri. Ndimupatse? Nanga zaka zisanu zija amayambira pati kuwerenga?

Wa ku Dedza, Tembisa

Achimwene,

R6,000 imeneyo mugulire mwana yunifolomu, yotsalayo musunge ya basi ya mayi a kunyumba. Mkuluyo akufuna kukugulitsani bodza pa chinthu chomwe muli nacho kale chenicheni. Pepala lachinyengo likangogwidwa limodzi, ena onse a mu fayilo yanu, ngakhale satifiketi ya kubadwa ya mwana wanu, amasanduka okayikitsa. Ndipo nkhani yake sithera pa kukanidwa PR, chifukwa ndi mlandu womangitsa, wokubwezetsani pa Beitbridge. A Home Affairs anapsa kale ndi maukwati ogula. Kuli amayi a ku South Africa amene anangodzidzimuka kuti m'kaundula wa boma ndi okwatiwa ndi mlendo yemwe sanamuonepo ndi maso. Ndiye lease yatsopano nyuwani, yopanda ngakhale banga la tiyi, koma yonena za 2019, siwapusitsa.

Tiyambe ndi zaka zija. Section 26(b) ya Immigration Act ya 2002 imati PR imaperekedwa kwa amene wakhala mwamuna kapena mkazi wa nzika kwa zaka zisanu, ndipo mkulu wa dipatimentiyo akhutire kuti banjalo ndi loona. Tsono tulutsani satifiketi yanu ya ukwati muyang'ane tsiku lomwe lalembedwapo. Ngati mu 2022 munakalembetsa ukwati wa chikhalidwe uja wa malowolo, tsiku loyenera kuoneka ndi la mu 2018, pakuti Recognition of Customary Marriages Act ya 1998 imati ukwati wa chikhalidwe ndi ukwati ndithu ngakhale uchedwe kulembetsedwa. Pamenepo zaka zisanu munadutsa kale. Koma ngati mu 2022 munangomangitsa ukwati watsopano wa kuboma, pepalalo likunena 2022, ndipo wowerenga wa changu adzakuuzani kuti mudikire 2027. Zikakhala choncho, zaka za m'mbuyozo muyenera kuzitsimikizira padera, ndipo apa m'pamene ndingati kaonaneni ndi loya. A Lawyers for Human Rights ali ndi maofesi ku Johannesburg ndi ku Pretoria, kuchokera ku Tembisa si kutali.

Kodi kalata ya malowolo ilipo? Ndikunena kapepala kaja amalemba tsiku la zokambirana, kaŵirikaŵiri kong'amba mu kope la kusukulu, kolembapo ng'ombe zingati, ndalama zingati, zotsala zingati, ndi kusayina kwa amalume a mbali zonse. Ambiri amakasiya kwa apongozi m'chikwama cha pansi pa bedi. Katumizeni uthenga akafufuze lero. Amene anakuimirani ngati ankhoswe tsikulo, ngati akadali kuno, apite nanu kupolisi akalembe afidaviti yonena zomwe anaona. Kulumbiritsa kupolisi salipiritsa.

Tsono za kachipinda kanu. Ine ndinakhala ku Joni zaka 16, zisanu ndi ziwiri mwa izo m'chipinda cha kuseri ku Ivory Park, ndiye ndikudziwa kuti banja la anthu osauka limayenda pamanja, silisiya mapepala ambiri. Komabe limasiya mapazi, kungoti sitimawayang'ana. Agogo eni nyumbawo angathe kulumbira kuti inu ndi mkazi wanu mwakhala pakhomo pawo kuyambira chaka chakuti, lendi ndi yakuti, n'kuphatikizapo kope ya ID yawo ndi bilu ya khonsolo yoonetsa adiresi. Kabuku ka sikelo ka mwana, kaja amati Road to Health, kali ndi adiresi ndi masiku. Fomu yolembetsera mwana ku kireshi ili ndi mayina anu awiri. Satifiketi yake ya kubadwa ikhale ija yotchula bambo ndi mayi. Ndipo pali chimodzi chimene pafupifupi banja lililonse la ku South Africa lili nacho: polise ya maliro. Ngati mayiwo anakulembani pa funeral cover yawo ngati mwamuna wawo zaka zapitazo, kapena inu munawalemba pa fomu ya provident fund (thumba la ndalama zopumira pa ntchito) kuntchito, mwapeza mboni yamphamvu. Munthu wa ukwati wogula salipira mwezi ndi mwezi bokosi la mnzake.

Pitaninso kubanki, aliyense kwake, mutenge masitetimenti enieni a zaka zingapo. Akaunti imodzi ya anthu awiri si lamulo. Chofunika n'chakuti ziwoneke kuti ndalama zimayenda pakati panu: ka R500 kotumiza pa foni ka eWallet pa 25, ka magetsi, ka thiransipoti, ka fizi. Lembani mzere pansi pa malo amenewo ndi cholembera chowala, kuti wowerenga asachite kusakasaka.

Ngati munapita nawo mayiwo kumudzi, pasipoti yawo ili ndi zidindo za pa chipata cha Dedza kapena cha Mwanza za masiku omwewo ndi zanu. Jambulani masamba amenewo. Zithunzi sankhani zochepa, khumi kapena khumi ndi ziwiri, koma za zaka zosiyana ndiponso zokhala ndi abale: mayiwo atavala chitenje akupeta ufa ndi amayi anu, inu mutagwira fosholo pa maliro a kwawo. Zithunzi makumi asanu za awiriwiri pa mall tsiku limodzi sizinena kanthu.

Nkhani ya Newcastle musaibise. Ndi pamene anthu ambiri amadzikola okha, poganiza kuti kukhala motalikirana n'chizindikiro choti banja linatha. Kodi ndi mabanja angati kumeneko amene mwamuna ali ku mgodi, mkazi ali ku KwaZulu-Natal? Ofesala amene adzagwire fayilo yanu mwina nayenso banja lake lili kutali. Lembani kalata yaifupi nonse awiri: ntchito anaipeza liti, chifukwa chiyani anaivomera, amabwera kangati, mwana amakhala ndi ndani. Ikanipo kalata ya abwana awo ndi matikiti a basi ngati alipo. Koma mukalemba kuti mumagona nyumba imodzi tsiku lililonse, pomwe payslip yawo ikunena Newcastle, mwadzitchera nokha msampha.

Angathe kukuitanani kuti akufunseni mafunso, aliyense payekha. Musaloweze mayankho ngati katekisimu. Ndinaperekezapo msuweni wanga ndi mkazi wake ku ofesi ina. Atatuluka anayamba kukangana pakhonde, chifukwa mwamuna anati amaphikira pa sitovu ya magetsi ya mbale ziwiri, mkazi anati pa ya parafini. Mwamunayo thukuta kamukamu, akuti basi zatha. Koma zonse zinali zoona, inali nyengo ya load shedding, ndipo mkaziyo anali atafotokoza kale zimenezo mkatimo. Chimene mwaiwala, nenani kuti mwaiwala. Koma tsiku lobadwa la mayiwo ndi dzina la apongozi anu, achimwene, zimenezo musandichititse manyazi.

Ndikufunseni funso la pachimuna, poti pano tili awiri. Kodi ku Dedza simunasiyeko mayi wa chinkhoswe? Lamulo la kwathu la maukwati la 2015 limazindikira ukwati wa chinkhoswe ngati ukwati. Ngati alipo ndipo simunasudzulane mwa dongosolo, musalumbire kuti munali mbeta, kaonaneni kaye ndi loya. Mapanga awiri avumbwitsa.

Fomu mukapereka kudzera ku VFS, kampani yolandira mafomu m'malo mwa Home Affairs, pamodzi ndi kalata ya polisi yoti mulibe mlandu, ya dokotala, ndi kalata ya mayiwo yokuikirani kumbuyo. Onani m'ndandanda wa zofunika pa webusaiti yawo sabata yomwe mukupitayo, poti zimasinthasintha. Yankho limachedwa, ndipo risiti ya PR si viza. Pitirizani kuwonjezera 11(6) yanu, kukadali masiku 60 isanathe. Amene wapyola masiku oposa 30 viza itatha, potuluka amamudinda kuti asalowenso kwa zaka zisanu. Akakukanani, muli ndi masiku khumi a ntchito ochitira apilo, choncho kalata yokukanani isagone m'thumba la ovololo. Ndipo ngakhale PR ituluke, lamulo limati imafa yokha ngati banja latha pasanathe zaka ziwiri, kupatula ngati mnzanuyo wamwalira. Bokosi la nsapato lomwe muyambe kuponyamo mapepala lero musalitaye tsiku la chikondwerero.

Malume

Malume,

Ine ndili ku Cape Town pa viza ya ukwati, koma bambo anandisiya chaka chino. Ana awiri ndi nzika za kuno ndipo ndikulera ndine. Ndinyamuke?

Mayi wa ku Zomba

Chemwali,

Pepani ndi zimenezi. Musamange katundu kaye. Mu Disembala 2023 khoti lalikulu la malamulo oyendetsera dziko, Constitutional Court, linagamula pa mlandu wa Rayment kuti kholo lachilendo lomwe likusamalira mwana amene ndi nzika lisathamangitsidwe kapena kuletsedwa ntchito chifukwa choti banja latha. Koma muyenera kufunsira viza yatsopano msanga, osangokhala pa yakaleyo ngati palibe chasintha. Tengani pasipoti, masatifiketi a kubadwa a anawo, makalata a kusukulu ndi malisiti a zomwe mumawagulira, mupite ku Scalabrini Centre, bungwe lothandiza anthu ochokera kunja, mumzinda momwemo sabata ino.

Malume