Mpopi wodontha, chaja yosowa ndi mbale za m'sinki: agogo ayankha adzukulu

Makalata atatu afika, ndipo onse ayamba ndi kupepesa kuti nkhani yake ndi yaing'ono. Musamapepese, adzukulu anga. Nkhani zikuluzikulu anthu amakhalirana pansi n'kuzikambirana. Ting'onoting'ono timeneti ndi timene munthu amameza tsiku ndi tsiku mpaka kudzaphulika pa tsiku lolakwika, kwa munthu wolakwika.

Woyamba ndi mnyamata amene wangokwatira kumene. Akuti: "Agogo, mpopi wa kukhitchini umadontha usiku wonse, tulo osabwera. Mkazi wanga satseka bwino. Ndamuuza kangapo, tsopano tayamba kuyankhana mokalipa. Iye akuti inenso ndimachita nkonono."

Mdzukulu wanga, mkazi wakoyo ukumunamizira. Mpopi wabwino umatsekeka ndi zala ziwiri. Ukafuna mphamvu ya dzanja lonse ndiye kuti kalabala ka m'kati, kamene apulambala amati washa, kadyeka. Ndipo mukamaukanikiza kwambiri kuti usiye kudontha, m'pamene mukukaphwanyiratu kalabalako. Mukulimbana awiri pamene wolakwa ndi kanthu kochepa ngati batani la malaya.

Kukonza kwake nkosavuta. Tseka madzi onse olowa m'nyumba, kawirikawiri potsekera pake pamakhala pafupi ndi mita, kenaka tsegula mpopiwo kuti madzi otsala m'paipi atuluke. Tseka kabowo ka m'sinki ndi kansalu, chifukwa tizitsulo tating'ono timakonda kugwera mmenemo. Masula chogwirira ndi sikuludiraiva, ndiye ndi sipanala umasule mutu wa mpopi, dzanja linalo litagwira mpopi wonsewo kuti usapotoze paipi. Kunsi kwa mutuwo upeza kalabala kophwatalala kapena kong'ambika. Kanyamule popita kukagula katsopano, popeza mawasha amasiyana kukula ndipo kuyerekeza ndi maso kumapusitsa. Bwezera zonse monga zinalili, umange mosapyola muyeso, utsegule madzi pang'onopang'ono. Ngati madzi akutuluka m'munsi mwa chogwirira osati kukamwa kwa mpopi, chadyeka ndi kamphete ka labala kozungulira tsinde lake. Ngati waika washa watsopano koma ukudonthabe, ndiye kuti chitsulo chimene washayo amakhalapo chakumbika, pamenepo itana pulambala. Mipopi ina yamakono, yongopotoza pang'ono n'kutsegukiratu, ilibe washa wotere; imeneyo amasintha chida chonse cha m'kati.

Usaunyoze mpopi wodontha. Dontho limodzi pa sekondi ndi madontho 86,400 pa tsiku, madzi opitirira malita 20, ndowa yathunthu yongotayika. Pofuna tulo usiku uno usanakonze, manga kachingwe kukamwa kwa mpopi kalendewere mpaka pansi pa sinki. Madzi azitsetsereka m'kachingweko mwakachetechete.

Chitseko cholira nachonso chimayambanitsa anthu pachabe: wolawirira mamawa amaoneka ngati wopanda ulemu pamene vuto ndi mahinjesi ouma. Pukuta fumbi, upake girisi kapena mafuta a makina osokera, utsegule ndi kutseka kangapo kuti alowerere. Mafuta ophikira ayi. Amathandiza masabata ochepa, kenaka amauma n'kumata, fumbi n'kudzazana. Ndiye usanaloze munthu chala, yamba wafunsa: kodi pano chawonongeka ndi chinthu kapena khalidwe? Za nkonono ndiyankha kumapeto.

Kalata yachiwiri ndi ya mtsikana wogwira ntchito mu ofesi. Akuti mnzake wa desiki yoyandikana amayankhula pafoni mokweza, amatenga chaja yake osapempha, ndipo akafuna kufunsa kanthu amangomugwira paphewa iye ali pakati pa ntchito. "Ndakhala chete miyezi 6, agogo. Tsopano ngakhale moni wake umandinyansa."

Moni wake ukukunyansa chifukwa cha miyezi 6 yakoyo, mwanawe. Chetechete sautsa nyama. Iwe wakhala ukuwerenga milandu mumtima, tsiku lililonse kuwonjezera umodzi, pamene mnzakoyo sakudziwa n'komwe kuti pali mlandu. Kwa iye ndinu anthu ogwirizana, mpaka mumabwerekana chaja. Tsiku limene udzaphulike, iye adzaona munthu wopsa mtima chifukwa cha kachingwe, ndipo a mu ofesi onse adzaona chimodzimodzi.

Kuti foni yake imakusokoneza si kuipa mtima kwako. Mu 2010 ofufuza a ku yunivesite ya Cornell, motsogozedwa ndi Lauren Emberson, anapeza kuti kumva mbali imodzi ya anthu oyankhulana pafoni kumasokoneza maganizo kuposa kumva onse awiri akucheza pafupi nawe. Mutu umavutika kulota zimene winayo akunena, ndiye sutha kuzitaya kunkhongo. Woyankhulayo sadzimva, chifukwa khutu lake lili kwa amene ali kutaliyo, ndipo netiweki ikavuta mawu amakwera okha.

Tsopano kayankhulidwe kake, pakuti apa m'pamene ambiri amaphonya. Usamuuze pamene wangodula foni, magazi ako ali otentha. Usamuuzenso pamaso pa anthu, chifukwa munthu wochititsidwa manyazi samva mawu, amangofuna poikira nkhope. Mupeze ali yekha, nthawi yopuma kapena potuluka, ndipo utenge nkhani imodzi yokha. Wabweretsa zitatu kwa ine. Kwa iye pita ndi imene ikukupweteka kwambiri, zinazo zidikire sabata ina. Ukatula zonse pamodzi, amva kuti wakhala ukumusungira kampeni kumphasa.

Tchula zimene waona, tchula zimene zimakuchitikira, ndiye upemphe chinthu chimodzi chotheka. Mwachitsanzo: "Achimwene, pali kanthu kakang'ono. Mukamayankha foni pa desikipa, ine manambala amandisokonekera, ndimayambiranso. Foni ikakhala yotalika, mungamakayankhire pakhonde?" Ukatero, tseka pakamwa umumvere. Anthu ambiri poopa chete amapitiriza kuyankhula, n'kuyamba kupepesa mpaka kufafaniza zimene anena, kapena kuwonjezera mpaka kutukwana. Mawu awiri uwapewe ngati moto: "nthawi zonse" ndi "mulibe ulemu". Ukati nthawi zonse, iye akumbukira tsiku limodzi limene sanatero ndipo mkangano usamukira pamenepo. Ukati mulibe ulemu, waweruza mtima wake, chinthu chimene sangachisinthe pofika mawa. Foni angathe kukayankhira pakhonde mawa lomwe.

Ndikuletsenso njira zimene achinyamata mwazikonda masiku ano: kakalata kopanda dzina komata pakhoma, mawu oponya m'mwamba pa gulu la WhatsApp, kapena sitetasi yoti "anthu ena alibe khalidwe". Wolakwayo sadziwa kuti akunena iye, ndipo osalakwa atatu amakhumudwa poganiza kuti ukunena iwo. Kudandaulira mnzako wina kuti akamuuze n'koipa koposa, mawu akayenda pakamwa pawiri amafika atavala zina.

Chaja ndi nkhani yophweka. Ilembe dzina, uziisunga m'dirowa osati pamwamba pa desiki, pakuti chinthu chokhala poyera mu ofesi anthu amachiyesa cha kampani. Akadzaifuna adzapempha, ndipo iwe uziti, "Tengani, koma ibwere isanakwane 12, foni yanga yatsala pang'ono." Kubwereketsa kopanda nthawi yobwezera ndi kupereka.

Za kukugwira paphewa, muuze mosazungulira kuti umadzidzimuka ndipo akuitane ndi dzina. Thupi ndi lako, pamenepa sipafunika zifukwa zambiri. Ndipo ngati kugwirako kukupitirira utakana, imeneyo siilinso nkhani ya zokwiyitsa zazing'ono. Lemba masiku ake upite nayo kwa oyang'anira antchito. Za mafunso ake, pangana naye nthawi: asunge mafunso osafulumira adzafunse limodzi, kamodzi m'mawa, kamodzi masana.

Usayembekezere kuti asintha tsiku limodzi. Chizolowezi chimabwerera chokha ngati udzu. Akaiwala, mukumbutse ndi mawu ochepa kapena kungoloza kukhonde ukumwetulira, akakumbukira, thokoza. Ukamukumbutsa katatu osasintha kanthu, m'pamene nkhani ipite kwa bwana, ndipo kumeneko ukanene za ntchito imene ikuchedwa, osati za khalidwe la munthu. Ngati waphokosoyo ndi bwana amene, pita ngati wopempha nzeru: "Bwana, lipotili likufuna mutu wodekha, kodi ndingakalembere chipinda chinacho maola awiri?" Wanzeru amva yekha.

Kalata yachitatu ndi ya mnyamata wokhala ndi anzake atatu m'nyumba ya lendi. Mbale zimagona m'sinki, bini imasefukira, sopo akatha palibe wogula. "Ndine ndekha ndimagwira ntchito m'nyumba muno," akutero.

N'kutheka kuti anzako atatuwo, aliyense payekha, akunena mawu omwewo. Mu 1979 ofufuza Michael Ross ndi Fiore Sicoly anafunsa amuna ndi akazi apabanja, aliyense payekha, gawo la ntchito za pakhomo limene amagwira. Ataphatikiza mayankho a awiriwo, m'mabanja ambiri zinapyola ntchito yonse imene ilipo. Sikuti ankanama. Munthu amakumbukira mbale iliyonse imene watsuka yekha, koma pamene mnzake ankakolopa iye kunalibe.

Palinso china. Anthu amasiyana msinkhu umene uve umayamba kuwanyansa. Wina mbale ziwiri m'sinki zamukwana, wina saona kanthu mpaka supuni yoyera itasowa. Amene amanyansidwa msanga ndiye amatsuka, tsiku ndi tsiku, ndipo enawo safika n'komwe pa msinkhu wawo chifukwa amapeza patayera kale. N'chifukwa chake kunyanyala sikuthandiza. Ukati ndisiya ndione ngati atsuke, wovutika ndi fungolo ukhala iwe wemwe, iwo ali phee.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Khalani pansi anayi nonse tsiku limene palibe wokwiya, mulembe ntchito zonse papepala, ngakhale zosaoneka monga kugula sopo ndi kutsuka bini. Lamulo loti aliyense azitsuka zake limamveka lachilungamo koma limagwa msanga, chifukwa poto amene mwadyera nonse alibe mwini, sinki ilibe mwini, pansi palibe mwini. Bwino ntchito yathunthu ikhale ya munthu mmodzi kwa sabata yathunthu: wina khitchini, wina bafa ndi chimbudzi, wina kusesa ndi kukolopa, wina zinyalala ndi zogula, kenaka muzisinthana Lamlungu madzulo. Pakanunkha, aliyense akudziwa khomo logogoda.

Mugwirizanenso tanthauzo la kumaliza, chifukwa mikangano yambiri imabisala pamenepa. Kwa wina kutsuka mbale ndi mbale basi. Kwa wina ndi mapoto omwe, kupukuta chitofu ndi kuchotsa zotsalira pa kabowo ka sinki. Lembani: mbale zisagone, bini itayidwe isanadzaze mpaka kulephera kutsekeka. Za sopo ndi zina zogwiritsa ntchito nonse, sonkhani ndalama yofanana kumayambiriro kwa mwezi, wogula azisunga malisiti. Pepalalo likhale pakhoma la kukhitchini, ndipo pakatha mwezi mulionenso, chifukwa poyamba pamakhala ntchito ina yolemera kuposa zinzake. Ndipo mnzako akatsuka mosiyana ndi mmene iwe umatsukira, koma mbale zayera, usabwerezenso pamaso pake. Ukatero wamuchotsa ntchito wekha.

Zilipo zina zimene pepala silingathetse: katafunidwe ka munthu, kasekedwe kake, kufwenthera kwa wodwala chimfine. Izi munthu amanyamula, monga enanso akunyamula zako zimene sanakuuze. Ukafuna kudziwa, funsa amene umakhala naye kuti, "Ndi chiyani chimene ndimachita chimene chimakutopetsa?" ndipo akayankha usadziteteze. Onaninso nthawi imene zinthu zimakunyansani kwambiri. Kawirikawiri ndi pamene simunagone mokwanira kapena muli ndi njala, ndipo phokoso lomwelo m'mawa mutapuma silimveka. Komabe alipo anthu amene phokoso la kutafuna kapena kupuma limawautsira mkwiyo woopsa umene sangathe kuuletsa. Vutoli madokotala amalidziwa, ndipo ofufuza Margaret ndi Pawel Jastreboff analipatsa dzina loti misophonia mu 2001. Wotere asamanenedwe kuti ndi wamwano. Kukhala patali pang'ono pa nthawi ya chakudya kapena kuyatsa wailesi motsitsa kumamupepuza.

Tsopano nkonono zija, iwe wa mpopi. Mkazi wako sakubwezera, akukuuza zimene iwe sungazimve wekha. Nkonono zimakula munthu akagona chagada, chifukwa lilime ndi minofu ya kukhosi zimagwera kumbuyo n'kupanikiza njira ya mpweya. Gona cham'mbali, pilo wina atatsamira kumsana kuti usatembenuke. Mowa wa usiku umafewetsa minofu yomweyo, mphuno zotsekeka ndi kunenepa nazonso zimawonjezera. Ndiye umupemphe mkazi wako akumvetsere usiku umodzi. Ngati nkonono zimaduka, iwe n'kukhala osapuma kwa kanthawi kenaka n'kudzidzimuka ngati wotsamwa, ndipo masana umangosinza ngakhale unagona maola okwanira, pita kuchipatala. Matenda obanika kutulo amenewa amakweza kuthamanga kwa magazi, koma chithandizo chake chilipo. Popita umutenge mkazi wakoyo, chifukwa adokotala akafunsa zimene zimachitika usiku, wodziwa kuyankha ndi iye.