Gunbuster: akunyoza kapena akulemekeza?

Achimwene, mwafunsa ngati Gunbuster, anime (katuni ya ku Japan) ya atsikana oyendetsa maloboti m'nkhondo ya m'mlengalenga, ndi nthabwala kapena nkhani yeniyeni, poti imayamba ndi zoseketsa koma kumapeto munatuluka misozi, komanso ngati n'zoona kuti anaba m'mabuku. Amene simunaionere dumphani, ndiulula mathero.

Zoseketsazo n'zadala. Dzina lake la Chijapani, Top o Nerae!, akuseka anime ya tenesi ya Ace o Nerae!, n'chifukwa chake atsikana aja ku Okinawa amalumpha chingwe ali m'kati mwa maloboti, kochi atavala magalasi akuda. Koma onani amene anaipanga mu 1988. Wotsogolera wake Hideaki Anno ndi anzake a kampani ya makatuni ya Gainax anayamba ngati anyamata okonda nkhani zopeka za sayansi, opanga timakanema totsegulira misonkhano ya okonda nkhanizi, yotchedwa DAICON, ku Osaka mu 1981 ndi 1983. Mabuku a nkhani zoterezi anakula nawo. Munthu umaseka bwino chinthu chimene umachidziwa mpaka kumchira.

Ndiye taonani gawo lachisanu ndi chimodzi, lomaliza lija lopanda mitundu. Mutu wake anautenga ku buku la Sakyo Komatsu la 1966, Hateshinaki Nagare no Hate ni, ngati kunena kuti "kumapeto kwa mtsinje wosatha". M'bukumo anthu apeza kabotolo koyezera nthawi m'miyala ya m'nthawi ya madinosa, mchenga wake ukungotsika osatha. Mnyamata wofufuza za kabotoloko asowa, atengedwa m'nkhondo yodutsa zaka zosawerengeka, pomwe mkazi amene ankamukonda akumudikira mpaka kukalamba. Ameneyo ndiye mtima wa Gunbuster. Noriko, mtsikana mwini nkhani, akathamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, kwa iye papita miyezi, kwawo papita zaka. Abwera n'kupeza Kimiko, mnzake wa m'kalasi, ali mayi wa mwana, iye akadali kamtsikana. Ajapani amati Urashima effect, potengera nthano ya msodzi amene anapita pansi pa nyanja n'kubwerera onse omudziwa atamwalira.

Pomwe ine ndinagonja ndi pa magetsi aja. Noriko akubwerera kwawo zaka 12,000 zitadutsa, dziko lili bii, kenako liyaka ndi mawu oti Okaerinasai, "takulandirani kwanu", chilembo chomaliza chitatembenuka chifukwa olembawo akungokopera chilankhulo chimene sachidziwanso. Pamenepo palibe akuseka.

Zoti anaba, ine sindivomereza. Wakuba salemba dzina la mwini pachitseko. Komanso olemba a kumeneko kutengerana ndi kusekana n'chizolowezi. Komatsu atatulutsa Japan Sinks, buku lonena za kumira kwa Japan, mu 1973, mnzake Yasutaka Tsutsui analemba chaka chomwecho kankhani koti dziko lonse lamira kupatula Japan, akuluakulu a mayiko ena akupempha malo ogona. Mu 1974 onse awiri analandira mphotho ya Seiun, ya nkhani zopeka za sayansi ku Japan, wina ya buku, wina ya nkhani yaifupi.

Mukamaibwereza, muziima kaye pa mutu wa gawo lililonse musanadumphe.