Kodi anthu a m'dera angagamule mwachilungamo mlandu wakupha wa tsankho?

Mayi wina amene mwana wake akuphunzira ku Georgia wandilembera kalata kufunsa ngati anthu wamba 12 ogamula mlandu ku America, otchedwa jury, angachite chilungamo mzungu akapha munthu wakuda, kapena boma lalikulu la ku Washington lizitenga milandu yotere. Mayi, funso lanu landikhudza kwambiri chifukwa nanenso ndikulera ana aamuna kuno.

Nditakhala nzika ya dziko lino ndinaitanidwa kukhoti kumene ankasankha anthu a m'gululi. Tinakhala pamabenchi kuyambira m'mawa, maloya akutifunsa mmodzimmodzi. Bambo wina wachikulire wakuda amene anakhala pambali panga, atavala suti, chipewa chili pamaondo, anafunsidwa ngati apolisi anawaimitsapo popanda chifukwa. Anayankha mwaulemu kuti inde, ndipo posakhalitsa anauzidwa kuti azipita kwawo. Kuchokera tsiku limenelo ndimakhulupirira kuti mlandu umatha kupotozedwa mboni yoyamba isanalumbire n'komwe.

Mu 1955 ku Sumner, Mississippi, jury ya azungu okhaokha inamasula Roy Bryant ndi J.W. Milam pa mlandu wakupha itakambirana ola limodzi ndi mphindi zochepa, ngakhale kuti Mose Wright anaimirira m'khoti n'kuloza ndi chala amene anadzatenga usiku Emmett Till, mnyamata wakuda wa zaka 14 yemwe anali mbale wake. Mu 1956 awiriwo anavomera m'magazini ya Look kuti anamupha, podziwa kuti sangazengedwenso mlandu womwewo. Mu 1986 khoti lalikulu la dziko linaletsa kuchotsa munthu mu jury chifukwa cha khungu, komabe pamene Curtis Flowers, bambo wakuda wa ku Mississippi, anazengedwa mlandu umodzi maulendo 6, woimira boma anachotsa anthu akuda 41 mwa 42.

Koma sindivomereza kuti Washington ndiye mankhwala a zonse. James Chaney, Andrew Goodman ndi Michael Schwerner, omenyera ufulu wa anthu akuda, ataphedwa ku Mississippi mu 1964, boma lalikulu linalowererapo, koma anthu 7 amene anapezeka olakwa mu 1967 anaimbidwa mlandu wophwanya ufulu, osati wakupha, ndipo palibe anakhala m'ndende zaka zoposa 6. Amene anawapeza olakwa analinso azungu a ku Mississippi komweko. Vuto lenileni ndi anthu amene amasankha ogamula mlandu ndiponso amene amazengereza kumanga wakupha. Ku Georgia komwe kuli mwana wanuko, azungu amene anapha Ahmaud Arbery, mnyamata wakuda, mu February 2020 anayenda mwaufulu miyezi yoposa iwiri mpaka kanema atatuluka, koma jury ya azungu 11 ndi wakuda mmodzi inawapeza olakwa mu 2021, boma lalikulu lisanawagonjetsenso pa mlandu wa tsankho mu 2022.

Yankho langa kwa inu, mayi

Anthu a m'dera angathe ndithu, malinga ngati asankhidwa moona mtima ndipo Washington ali tcheru kumbuyo kwawo. Muuzeni mwana wanu kuti akuluakulu a m'dera akanyalanyaza dandaulo la tsankho, alipereke ku FBI, bungwe la boma lalikulu lofufuza milandu, kapena ku nthambi yoona za ufulu wa anthu mu unduna wa zachilungamo.